Patatha chaka ku nasale ya Montessori ija: zomwe ndaona

Mayi wina wa kutchalitchi kwathu wandifunsa ngati akalembetse mwana wake ku nasale ija ndinkaitama chaka chatha, ya cha ku Area 47 kuno ku Lilongwe. Ndati ndiyankhire pano kuti ena amve nawo. Dzina la sukulu sinditchula.

Pageti analemba kuti Montessori. Imeneyi ndi njira ya Maria Montessori, dokotala wa ku Italy amene anatsegula sukulu yake yoyamba ku Rome mu 1907. Ana a zaka 3 mpaka 6 amakhala m'kalasi imodzi, aliyense amasankha yekha chochita pashelefu, mphunzitsi amamuonetsa kachitidwe kake n'kumusiya ayese yekha ndi manja.

Phala ndi labwino, zimbudzi n'zaukhondo, ndipo mlonda sapereka mwana kwa munthu wosamudziwa. Njira yakenso imagwira, pamenepo sindingatsutse. Wangayu analowa ali ndi zaka 4, pano amamanga yekha mabatani a yunifomu, amathira madzi m'kapu osataya, ndipo zilembo anazidziwa pozitsata ndi chala pa timatabwa tokhakhala. Agogo ake ankaseka kuti, "Ndalama zonsezi kukaphunzira kusesa?" Lero ndi omwewo amamutuma kusankha nyemba.

Vuto ndi aphunzitsi, sakhalitsa. Anti oyamba aja, amene anaphunziradi za Montessori, anachoka teremu yachiwiri isanathe. Obwera m'malo mwawo nawonso sanachedwe. Makolo sitiuzidwa, timangomva kwa mwana kuti kwabwera anti ena.

Tsiku lina ndinakamutenga molawirira chifukwa tinali ndi ulendo wa kuchipatala. Ndinapeza ana onse ali ndondondo pamphasa, akukuwa "A for apple" motsatira anti amene anali ndi kandodo m'manja kolozera pabolodi. Mashelefu ali mbee. Zipangizo za Montessori monga nsanja yapinki ya timatabwa 10 tosanjikiza, mikanda yowerengera, zonse zili m'kabati yokiya. Nditafunsa, anti aja anayankha monong'ona: "Mayi, kiyi ali ndi a dayirekitala. Akuti zinthuzi anaitanitsa ku South Africa, chikasowa chimodzi atidula pamalipiro." Mtsikanayo sindimuda. Wangomaliza Fomu 4, palibe anamuphunzitsa kagwiritsidwe ntchito kake, ndiye akuphunzitsa mmene anaphunzitsidwira iye. Zipangizozo amazitulutsa tsiku limene makolo aitanidwa, n'kujambula zithunzi zoika pa Facebook.

Dziwaninso kuti dzina loti Montessori lilibe mwini, aliyense akhoza kulipenta pageti. Tsiku ndinapeza kabati yokiya lija ndinapsa mtima moti ndinaganiza za mwana wa achemwali anga ku Chinsapo. Iye amapita kumkombaphala, amawerengera ndi zitsekerero za mabotolo ndi timiyala, ndipo palibe amazikiyira m'kabati.

Ndinakaonana ndi a dayirekitala. Ndi mayi aulemu, anandipatsa mpando ndi madzi ozizira. "Mayi, musadandaule, tikukonza." Kabati inatsegulidwadi kwa masabata angapo, mwana n'kuyambanso kubwera ndi nkhani za zimene wachita, ine mtima pansi. Kenako zinabwerera mwakale.

Ndiye mwezi watha kwabwera kalata ya fizi. Yakwera pafupifupi ndi theka, ndipo awonjezerapo ndalama ina akuti ya zipangizo. Zipangizo zake ziti, za m'kabati zija? Chifukwa chake akuti dola. Zoona, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinthu zambiri zinakwera, koma ndinawafunsa ngati malipiro a aphunzitsi akwera nawo, iwo n'kuyamba kundifotokozera za lendi ya nyumba.

Kodi ndimuchotsa? Bambo ake akuti mwanayu watsala ndi chaka chimodzi kuti akayambe Sitandade 1, asasokonezeke. Ine masiku ena ndimagwirizana nawo, makamaka ndikamuona akudzipakulira yekha ndiwo bwinobwino. Ndalipira teremu imodzi yokha, ya zipangizoyo ndakana mpaka kabati itsegulidwe, ndipo ndawalembera pa WhatsApp kuti ndikhale ndi umboni. Awerenga, sanayankhe.

Inu mayi, mukafuna kupita musapangane nawo tsiku. Fikani cha m'ma 10 koloko m'mawa, muone chimene ana agwira m'manja, ndipo mufunse anti a m'kalasimo kuti anayamba liti ntchito.