Glock 19 ya Gen3 kapena ya Gen5: kusiyana kwake kuli m'dzanja

Munthu amene malamulo a dziko lake amulola kukhala ndi pisitolo, ndipo mtima wake wakhazikika pa Glock 19, sachedwa kufunsidwa kuti akufuna ya m'badwo uti, chifukwa mfutiyi yakhala ikusinthidwa pang'onopang'ono chiyambire 1988 pamene inatuluka koyamba. Mibadwo iwiri imene anthu amakangana nayo kwambiri ndi wachitatu, Gen3, umene unayamba kugulitsidwa mu 1998, ndi wachisanu, Gen5, wa mu 2017. Ogulitsa ambiri amangoloza yatsopanoyo, ndipo kunena zoona sanama, pakuti Gen5 ndi mfuti yokonzedwa bwino kuposa inzakeyo. Koma kuposako sikuli pamene zotsatsa malonda zimalozapo. Zipolopolo za mfuti ziwirizi zimagwera pamalo amodzimodzi zikakhala m'manja mwa wowombera wamba, ndipo chimene chimasiyanitsa mibadwoyi ndi mmene mfutiyo imakhalira m'dzanja la mwini wake.

Ndi bwino kuyamba ndi zimene sizinasinthe, popeza n'zochuluka kuposa zimene zasintha. Zonse ziwiri zimagwiritsa ntchito zipolopolo za 9x19mm, magazini ake (kabokosi koikamo zipolopolo) amalowa zipolopolo 15, mpope wake ndi wotalika pafupifupi mamilimita 102, ndipo kulemera kwake ndi pafupifupi magalamu 670 magazini ali opanda kanthu. Thunthu la m'munsi ndi lapulasitiki yolimba, monga mmene Gaston Glock, amene anayambitsa kampani ya Glock, anapangira Glock 17, imene asilikali a dziko la Austria anaivomereza mu 1982. Zonse ziwiri zilibe kabatani kakunja kotsekera mfuti kuti isawombe, m'malo mwake zili ndi zotetezera zitatu zimene kampaniyo imazitcha Safe Action: kachitsekero kapakati pa trigger (kachipangizo kamene chala chimakoka powomba), kachitsulo kotchinga msomali womenya chipolopolo, ndi chotetezera choti mfuti isawombe yokha ikagwa pansi. Mphamvu imene chala chimafuna kuti chikoke trigger ili chapafupi ndi makilogalamu 2.5 pa mibadwo yonse iwiri. Amene waphunzira kugwiritsa ntchito imodzi safunika kuphunzitsidwanso akapatsidwa inayo.

Kusiyana kwenikweni kumayamba munthu akangoigwira. Kutsogolo kwa chogwirira cha Gen3 kuli timizere tokwera timene timagawa malo a zala, ndipo amene anatikonza ankaganiza za dzanja la msinkhu umodzi. Ngati dzanja lanu lili la msinkhu umenewo, chala chilichonse chimalowa m'malo mwake, mfuti imakhazikika, ndipo mumadabwa kuti anthu amadandaula chiyani. Koma pa Glock 19 chogwirira n'chachifupi kusiyana ndi cha Glock 17, choncho malo a zalawo ndi opanikizana. Munthu wa zala zonenepa amapeza kuti chala chapakati chapanikizika kunsi kwa chitsulo, kunena bwino pulasitiki, chozungulira trigger, chala chotsatira chakwera pamwamba pa mzere m'malo molowa m'khwawa lake, ndipo kachala kotsiriza kakulendewera m'mphepete. Akawombera magazini angapo motsatizana, pamfundo ya chala chapakati pamafiira, ndipo pakapita nthawi pamachita chikang'a. Ichi si chinthu chaching'ono ayi, chifukwa dzanja limene likumva kuwawa limasintha kagwiridwe lokha mwini wake osazindikira, ndipo kagwiridwe kakasintha, chipolopolo chimasinthanso kolowera. Pa Gen5 kampaniyo inachotsa timizereto n'kusiya kutsogolo kosalala, monga zinalili pa Gen2, ndipo inasunga tizidutswa tovekera kumbuyo kwa chogwirira timene tinabwera ndi Gen4, toti munthu akulitse chogwiriracho malinga ndi dzanja lake. Kwa ine, kusintha kumeneku kokha n'kolemera kuposa zina zonse zimene zinalembedwa pa mndandanda wa zatsopano za Gen5, ngakhale kuti kwenikweni kunali kubwerera ku zakale.

Wamanzere alibe chifukwa chozengereza. Pa Gen3 kachitsulo kogwira slide (chitsulo chapamwamba chimene chimabwerera m'mbuyo mfuti ikawomba) ikatsalira kumbuyo kali mbali ya kumanzere kokha, kumene chala chachikulu cha dzanja lamanja chimafika, ndipo batani lotulutsira magazini ndi laling'ono komanso silisunthika. Pa Gen5 kachitsuloko kali mbali zonse ziwiri, batani la magazini n'lalikulupo, ndipo lingathe kutembenuzidwira kumanja. Pali chenjezo limodzi limene ogulitsa saliika patsogolo: magazini akale a Gen3, amene ali ndi kamphako kokolera mbali imodzi yokha, amagwira bwino mu Gen5 batani likakhala pamalo pake pachiyambi, koma mukalitembenuza magaziniwo sakolanso. Amene ali ndi mulu wa magazini akale ndipo ndi wamanzere ayenera kuwerengera mtengo wa magazini atsopano pamodzi ndi wa mfutiyo.

Mpope ndiwo umatchulidwa kwambiri m'zotsatsa. Gen5 ili ndi mpope umene anaupatsa dzina loti Glock Marksman Barrel, umene mizere yake ya m'kati, yozunguza chipolopolo, inasinthidwa, ndipo kukamwa kwake kunakonzedwa mwatsopano. Sindikukayika kuti mfutiyo ikamangidwa pa chogwirira chosagwedezeka, mpope watsopanowu ungasonkhanitse zipolopolo pafupi kuposa wakale. Funso ndi lakuti ndani angaone kusiyanako ataimirira, mfuti ili m'manja, chandamale chili pa mamita 10 kapena 15. Pa mtunda wotero, kugwedezeka pang'ono kwa dzanja pokoka trigger kumataya chipolopolo kutali kwambiri kuposa kusiyana kulikonse kwa mipope iwiriyi. Wowombera wa mpikisano, amene amafuna kugunda kachinthu kakang'ono pa mamita 25 kupita m'tsogolo, angapindule nawo, koma wina aliyense amene akugulitsa Gen3 yake yabwinobwino chifukwa cha mpope wokha akutaya ndalama zimene zikadamugulira zipolopolo zophunzirira.

Pakati pa mibadwo iwiriyi pali Gen4 ya mu 2010, ndipo mbiri yake ili ndi phunziro kwa amene amathamangira chatsopano. Ndi imene inabweretsa sipuling'i ya magawo awiri yobwezera slide kutsogolo, m'malo mwa imodzi ya Gen3, ndipo cholinga chinali chakuti mfuti isamakankhe kwambiri ndiponso sipuling'iyo izikhalitsa. Mfuti zoyambirira za 9mm za m'badwo umenewu zinadandaulitsa anthu ena potulutsa makoko a zipolopolo mosalongosoka, mpaka mu 2011 kampaniyo inayamba kusinthira eni ake masipuling'i. Vutolo linatha, ndipo mu 2013 asilikali a Britain anasankha Glock 17 ya Gen4 kukhala pisitolo yawo. Nayonso Gen5 sinatuluke yangwiro, chifukwa zoyambirira zinali ndi kamphako kooneka ngati theka la mwezi kutsogolo kwa polowera magazini, kamene kankatsina kachala kotsiriza ka anthu ena, ndipo pa zotuluka pambuyo pake, zokhala ndi mizere yogwirira kutsogolo kwa slide, kamphakoko kanachotsedwa. Choncho ngakhale m'kati mwa m'badwo umodzi, ya chaka choyamba si imene ndingalangize munthu kuigula. Gen5 inatengera sipuling'i ya magawo awiri ija, ndipo kukankha kwake n'kofewerapo pang'ono, ngakhale kuti pa 9mm kusiyanako kumamveka bwino pokhapokha mutawombera mfuti ziwirizo motsatizana. Masipuling'i a Gen3 ndi Gen5 salowana.

Zina zotsala ndingazitchule mwachidule. Polowera magazini pa Gen5 n'potambasuka kukamwa, zimene zimathandiza posintha magazini mofulumira. Utoto wakuda wa nDLC umene uli pa slide ndi wolimba, koma zitsulo za Gen3 zakale, zimene zinalimbitsidwa mwa njira ya Tenifer, zili ndi mbiri yabwino yosachita dzimbiri moti palibe amene angazinyoze. Trigger ya Gen5 imayenda mosalala kuposa ya Gen3 yongotuluka m'bokosi, pamene ya Gen3 imaduka momveka bwino kumapeto, ndipo apa ndi nkhani ya zokonda za munthu. Zambiri mwa zosinthazi zinachokera ku 17M ndi 19M, mfuti zimene Glock inapangira bungwe lofufuza milandu la ku America la FBI litapatsa kampaniyo kontirakiti mu 2016, ndiye sizinali zongokometsera maonekedwe.

Nanga n'chifukwa chiyani Gen3 yakana kufa? Chifukwa chimodzi n'cha malamulo a ku California, chigawo cha ku America, kumene pisitolo yatsopano imagulitsidwa m'sitolo pokhapokha ili pa mndandanda wovomerezeka ndi boma la kumeneko, ndipo kwa zaka zambiri Gen3 inali pa mndandandawo pamene Gen4 ndi Gen5 panalibe, zimene zinachititsa kuti kampaniyo ipitirize kuipanga mibadwo yatsopano itatuluka kale. Chifukwa china n'chakuti nthawi ya chitetezo cha malamulo pa kapangidwe kake inatha, ndipo makampani ena anayamba kupanga mfuti zotengera Gen3, monga Dagger ya Palmetto State Armory ndi RXM ya Ruger. Zotsatira zake n'zakuti palibe pisitolo ya mtundu umenewu imene zipangizo zake zimapezeka mosavuta kuposa Gen3, kuyambira masipuling'i, mipope, timisomali, mpaka zikwama zoikamo m'chiuno, ndipo pafupifupi mmisiri aliyense wokonza mfuti amaidziwa m'kati ndi kunja. Zipangizo za m'kati za Gen5 zambiri sizilowa mu Gen3, ndipo ngakhale misomali yomanga thunthu ndi iwiri pa Gen5 pamene pa Gen3 ndi itatu. Kuchuluka kwa zipangizoku kuli ndi msampha wake, chifukwa eni ake ambiri amayamba kusintha ichi ndi icho mpaka mfuti imene inkawomba mosaphonya iyamba kukakamira. Gen3 imene ndikuiyamikira pano ndi yosasinthidwa m'kati, yokhala ndi zipangizo za ku fakitale.

Pali zofooka ziwiri zimene kulipira ndalama zambiri sikungakupulumutseni. Zoyang'anira chandamale zimene zimabwera ndi mfuti wamba ndi zapulasitiki pa mibadwo yonse iwiri, zimaphwanyika kapena kusuntha zikagundidwa, ndipo n'zokhumudwitsa kuti patapita zaka zonsezi wogula amayenera kugulanso zachitsulo payekha. Chachiwiri, pomasula mfutiyi kuti itsukidwe munthu amayenera kukoka trigger, ndipo Gen5 sinasinthe zimenezi. Ndondomeko yake iyenera kukhala imodzi nthawi zonse, ndiyo kutulutsa magazini poyamba, kukokera slide kumbuyo, kuyang'ana ndi maso komanso kukhudza ndi chala kuti m'chipinda cha chipolopolo mulibe kanthu, kenako n'kukoka trigger mfuti italoza kumene singavulaze munthu. Amene akufuna kuika galasi loyang'anira chandamale la kadontho kofiira pamwamba pa slide ali ndi chifukwa china chotengera yatsopano, pakuti mtundu wa MOS, umene slide yake imabwera yosemedwa kale, unayamba ndi Gen4 mu 2015 n'kupitirira pa Gen5, pamene slide ya Gen3 wamba imafuna kupita kwa mmisiri kuti akaiseme.

Kwa munthu amene akugula Glock 19 yake yoyamba, ndipo kusiyana kwa mtengo sikukumupweteka, ndikulangiza Gen5, makamaka yotuluka pambuyo yopanda kamphako kaja, ndipo kwa wamanzere kapena wa zala zikuluzikulu sindiikapo n'komwe mawu oti mwina. Kwa amene ali kale ndi Gen3 imene imamukwana m'dzanja, palibe chimene Gen5 ingamupatse choyenera kutaya magazini, chikwama ndi chizolowezi cha zaka. Wogula Gen3 imene inagwirapo kale ntchito asachite mantha ndi utoto wosuluka m'mphepete mwa slide, chifukwa zimenezo ndi zipsera za chikwama chabe. Ayang'ane ngati thunthu lili ndi mng'alu pafupi ndi misomali ndi pa tinjanji timene slide imayendapo, aunike m'kati mwa mpope ngati muli zibowo za dzimbiri kapena potupa, afunse ngati trigger ndi zina za m'kati zinasinthidwapo, ndipo aike sipuling'i yobwezera slide yatsopano asanayambe kuidalira, popeza ndi yotsika mtengo ndipo palibe njira yodziwira kuti yakaleyo yawombera zipolopolo zingati.