Bainokula ya 8x42, patatha miyezi isanu ndikuigwiritsa ntchito

Anzanga angapo akhala akundifunsa za bainokula ndimayenda nayo pakhosi ija, ati kodi ndi yabwino, nawonso agule? Gulani ndithu, koma ndifotokoze kaye mmene ndaionera ineyo.

Ndinaigula nthawi yomwe ntchito inali itandithera, tulo kulibe, 4 koloko m'mawa ndili maso gwa kuwerengera ngongole m'mutu, ndiye ndinkangotuluka panja kukakhala pansi pa mtengo kudikira kuche. Mbalame ndinkazimva koma kuziona bwinobwino ayi, mpamene ndinaganiza zogula.

Manambala aja ambiri amawasokoneza. 8 akutanthauza kuti chinthu chimayandikira ka 8, mbalame ili pa mamita 40 imaoneka ngati ili pa mamita 5. 42 ndi kukula kwa lenzi yakutsogolo mu mamilimita, ndipo ukagawa 42 ndi 8 umapeza 5.25, komwe ndi kukula kwa kuwala kofika m'diso mwako, nchifukwa chake mbandakucha kukadali kachisisira imaonetsabe bwino pamene timabainokula tating'ono ta m'thumba tija timangoonetsa mdima. Wogulitsa ankandikopa kuti nditenge ya 10, koma ya 10 manja akangonjenjemera pang'ono chithunzi chonse chimavina, komanso malo omwe umaona amachepa ndiye mbalame ikadumphira nthambi ina wayitaya basi.

Zondidandaulitsa zilipo. Chingwe chake ndi chopyapyala, ndipo chinthu cholemera pafupifupi magalamu 700 chikalendewera pakhosi ola lathunthu khosi limawawa, ndinachita kusintha. Zotsekera malenzi sizigwira, chimodzi chinagwera mu udzu sabata yoyamba yomwe. M'mbalimbali chithunzi chimachita mbuu pang'ono koma pakati ndi pakuthwa zedi. Ndipo chonde pali kagudumu kena pa diso lakumanja, musakanyalanyaze: tsinzinani lakumanja, fokasani lakumanzere ndi gudumu lapakati lija, kenako tsinzinani lakumanzere nkukonza lakumanja ndi kagudumu kakeko. Ine masabata awiri mutu unkandipweteka osadziwa kuti vuto ndi limeneli.

Koma chomwe ndimafunitsitsa kukuuzani ndi njiwa ziwiri zomwe zinamanga mu mtengo womwe uja. Chisa cha njiwa ukachionera pafupi umamva chisoni, ndi timitengo tochepa tongosanjikiza moti kuchokera pansi umatha kuona mazira awiri oyera akuonekera m'mipata, ndinkati mphepo ikangobwera zonse zithera pansi. Sizinagwe. Yaimuna inkakhalira masana, yaikazi usiku mpaka m'mawa, kusinthana mwakachetechete popanda ndi phokoso lomwe, pafupifupi masabata awiri, ndipo tsiku lina mvula inagwa yamphamvu ndinaona madontho akutsetsereka pamsana pa njiwayo iyo ili phee, kungophethira diso. Anapiye ataswa, zonse ziwiri zinkawadyetsa zoyera ngati mkaka zochokera kukhosi, mwana akulowetsa kamlomo kake m'kamwa mwa kholo. Ndinalira, sindibisa. Ineyo masiku amenewo ndinkachita manyazi ndi nyumba yanga chifukwa cha kuchepa kwa zomwe ndinkabweretsa, mpaka ndinkazemba kukhala ndi ana madzulo, ndiye apa nkuona kanyama kosauka chisa koma kosachoka pa mazira ake. Madzulo amenewo ndinakhala pansi ndi ana anga mpaka anagona.

Vesi la pa Mateyu 6:26 lija lonena za mbalame zosafesa kapena kukolola ndinaliloweza ndili mwana, koma limayamba ndi kutiuza kuti tiziyang'ane mbalamezo ndipo ine ndinali ndisanaziyang'anepo. Utaziyang'ana umapeza kuti sizikhala chabe, kukangocha zili pa ntchito, kutola, kukumba, kunyamula, chomwe zilibe ndi kuja kogona usiku nkumadya mutu ndi za mawa. Pemphero langa linasintha kuchokera pamenepo, ndinayamba kupempha mphamvu za tsiku limenelo basi.

China chomwe sindinayembekezere, imafokasa ngakhale chinthu chili pa mamita awiri okha, ndiye agulugufe ndi akangaude nawonso ndimawaona bwino. Pali kangaude wina pa mpanda yemwe ukonde wake ukang'ambika amadya ulusi wakalewo nkuluka wina, m'mawa umapeza uli wathunthu mame ali ngwee ngati mikanda, ndamuonerera kambirimbiri.

Kwa amene mumavala magalasi, timphira ta kumaso tija timapotokola nkutsika, tsitsani kuti muone chithunzi chonse. Lenzi musapukute ndi malaya, uzirani fumbi kaye kenako kansalu kofewa kamabwera m'bokosi kaja. Ndipo mukabwereka ana muwauze mobwerezabwereza kuti asayerekeze kuyang'ana dzuwa, diso limapsa nthawi yomweyo. Wanga wamng'ono ndi amene amandidzutsa pano, njiwa zija zayambanso kututa timitengo pa nthambi yomwe ija.