Macheka odulira zitsulo akatopa: kukonzetsa kapena kugula ena?

Aliyense amene amawotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo muno mu Mzuzu, kaya ku Luwinga, ku Chibavi kapena ku Zolozolo, amadziwa kuti macheka amagetsi aja a disiki ya 355 mm akaima, ntchito yonse yaimanso. Chimene chiyenera kutsogolera maganizo anu si zaka za makinawo, koma chimene chafa m'kati mwake.

Kukonzetsa n'kwanzeru pamene vuto lili pa mabulashi, switchi, chingwe kapena maberingi. Mabulashi ndi tizidutswa ta kaboni tomwe timapereka magetsi ku armature (gawo lokulungidwa waya limene limazungulira m'kati mwa mota), ndipo anapangidwa kuti azitha. Akafupika, mota imathetheka, imachepa mphamvu, mwinanso kuzima yokha. Pa makina ambiri amasinthidwa pomasula tizivindikiro tiwiri ta m'mbali, osatsegula n'komwe mota, ndiye zimandipweteka mtima ndikaona munthu ataponya pakona makina abwino chifukwa cha kanthu kochepa chotere. Maberingi amadziulula okha ndi phokoso komanso kutentha, ndipo kuchedwa kuwasintha ndiko kumapha armature, chifukwa imayamba kukhula m'mbali.

Armature ikapsa, nkhani yakula. Mumamva fungo la vanishi wopserera, ndipo moto umazungulira ponse pamene pamagunda mabulashi ngakhale mutaika atsopano. Kukulungitsanso waya wa armature n'kotsika mtengo, ndipo amisiri ena amakuchita mwaluso, koma armature imazungulira mothamanga kwambiri kuposa disiki, yomwe payokha imazungulira pafupifupi maulendo 3,800 pa mphindi. Choncho ikalemera mbali imodzi, makina amanjenjemera n'kudya maberingi amene mwangogula kumene. Ngati makinawo ndi Makita kapena Bosch yeniyeni, yomwe chiwalo chilichonse chili ndi nambala yake ndipo mungathe kuchiitanitsa, ine ndingagule armature yatsopano n'kudikira kuti ifike, ngakhale ntchito itaima sabata. Ngati ndi makina opanda dzina lodziwika, omwe ziwalo zake sizipezeka, ndalama zanu musazikwirire mmenemo.

Kugula atsopano kuli ndi ubwino woonekeratu: mawa lomwe mwabwerera pa ntchito, ndipo kasitomala sakuthawani. Chovuta ndi mtengo, makamaka chichokereni pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, popeza makina onsewa amachokera kunja. Kukwera kumeneku ndiko kumakankhira anthu ku makina otchipa, ena mwa iwo onamizira maina otchuka. Musanapereke ndalama, funsani wogulitsa ngati ali ndi mabulashi a makina omwewo, ndipo akupatseni lisiti. Kumbukiraninso kuti mota ya mawati oposa 2,000 imavutika pa chingwe chachitali chopyapyala kapena pa jenereta yaing'ono, moti mukapanda kukonza zimenezi, atsopanowo adzapsa ngati akale.

Pali malo amodzi pomwe sindilola kukambirana za mtengo. Ngati chitsulo chomangirapo disiki chapindika, bokosi la magiya lang'ambika kapena chotchingira disiki chathyoka, ndipo chosinthira sichikupezeka, makinawo asayatsidwenso, chifukwa disiki yogwedera imasweka n'kuuluka molunjika kumaso kwa mnyamata amene akudulayo. Chotsanimo switchi, chingwe ndi chopanira chitsulo, muzisunge m'bokosi la zida.