Masensa a mphepo ya m'matayala: a mkati, a pa ABS kapena a tizisoti, abwino ndi ati kuno ku Chipata?

Amene muli ndi galimoto zochokera ku UK kapena ku America mukadziwa kalaiti kachikasu kaja kooneka ngati kamphika kokhala ndi ! pakati. Ndiye TPMS imeneyo, ntchito yake ndi kukuuzani kuti tayala lina mphepo yachepa. Ku America anakhazikitsa lamulo mu 2000 anthu ambiri atafa pa ngozi za Ford Explorer zomwe matayala ake a Firestone ankasweka pamsewu, ndipo kuyambira 2007 galimoto yaing'ono iliyonse yatsopano kumeneko imayenera kukhala nayo. Ku Europe anayamba kukakamiza mu November 2014. Koma ma Vitz, ma Allion ndi ma Corolla athu a ex-Japan odzera ku Nakonde ambiri alibe, ndiye ena muvutika ndi yomwe munaipeza kale m'galimoto, ena mufuna kugula. Tiyeni tiziyerekeze.

Yoyamba ndi ya sensa mkati mwa tayala. Kasensa kamakhala kumbuyo kwa valuvu, mkati mwa limu, kamayeza mphepo yeniyeni n'kutumiza uthenga pa dashibodi, galimoto zina mpaka zimaonetsa nambala ya mphepo ya m'tayala lililonse. Pa kulondola iyi palibe yoiposa, msomali ukakulowani pa Katete mudziwa musanafike ndi pa Sinda pomwe, tayala lisanatenthe n'kudyeka m'mbali. Koma mavuto ake anzanga ndi ambiri maningi. Batire yake ndi yomatira mkati, imakhala zaka 5 mpaka 10, ikatha simusintha batire chabe ayi, mugula sensa yonse, ndiye ganizani galimoto ya 2014 yomwe yafika kuno yatha kale zaka zake kwawo, masensa onse anayi amakhala ali pafupi kufa ndipo amafa motsatizana. Mukagula yatsopano, pa galimoto zambiri iyenera kulembetsedwa mu kompyuta ya galimoto ndi makina, ndipo si makanika aliyense ali nawo makinawo. Pogula samalaninso, za ku Europe zimalankhula ndi galimoto pa mafunde a wailesi a 433 MHz, za ku America ndi Japan zambiri ndi 315 MHz, mukaitanitsa yolakwika ndalama zapita basi, galimoto siimva.

Chomwe chimandipweteka kwambiri ine ndi pokonzetsa pancha. Anyamata athu okonza matayala m'mbali mwa msewu amagwira ntchito molimbika koma zida zawo ndi hamala ndi zitsulo zotokosera. Ndinaonapo mnyamata wina akuchotsa tayala la Range Rover, analowetsa chitsulo pafupi penipeni ndi valuvu n'kupondereza, kunangomveka kuti thwa, potsegula kasensa kanali katatsala kachidutswa kapulasitiki kakuda kakulendewera pa valuvu, kwinako kukugubuduka mkati mwa tayala. Mnyamatayo sanali kudziwa n'komwe kuti muli kanthu, ndipo mwini galimoto sanamuuze. Inu muziwauza asanayambe kuti "achimwene muli sensa umu, chitsulo chikhale kutali ndi valuvu", olo mujambule ndi choko pa tayalapo. Mankhwala aja othira m'tayala otseka pancha nawonso amatseka kabowo ka sensa. Ndipo ngati valuvu yanu ndi ya aluminiyamu musaikepo tizisoti tonyezimira tachitsulo tija togula pa Kapata, timagwirana ndi valuvu chifukwa cha dzimbiri, tsiku lofuna kumasula valuvu imathyoka mphepo yonse phwii. Ikani tapulasitiki.

Yachiwiri ilibe sensa m'tayala olo imodzi. Imagwiritsa ntchito masensa a ABS (ija yoteteza mawilo kuti asalokeke mukaponda buleki mwamphamvu) omwe amawerenga mmene wilo iliyonse ikuzungulirira, tayala lophwa limachepa pang'ono ndiye limazungulira msanga kuposa anzake, kompyuta n'kuyatsa laiti. Mupeza mtundu uwu m'ma VW ndi ma Audi ambiri, ma Honda ena ndi ma Mazda ena. Kwa ife kuno iyi ndiyo yopanda chipwirikiti, palibe batire yakufa, palibe chothyoka kwa okonza matayala, mukhoza kusintha malimu mmene mufunira. Kuipa kwake siikuuzani nambala, siiona kanthu galimoto itaima, ndipo nthawi iliyonse mukapopa kapena kusinthanitsa matayala muyenera kuchita reset. Apa ndi pomwe anthu amalakwitsa, laiti yayaka iwo n'kungodina reset osapopa, ndiye kuti mwaiuza kuti tayala lophwalo ndiye lili bwino. Imasokonezekanso mukasakaniza matayala, kutsogolo latsopano kumbuyo lasalaula la saizi yosiyanako, komanso pa msewu wafumbi wa mabampu mawilo akamadumphadumpha. Koma olo zili choncho, atandifunsa kuti ndisankhe pakati pa ziwirizi pa galimoto yogula kale, ine nditenga iyi.

Manje kwa inu a ex-Japan pali zogula padera. Zotchuka ndi za tizisoti, tinayi tomanga pa valuvu kunja ndi kasikirini ka sola koika pa dashibodi. Mumanga nokha mphindi zochepa, tibatire take ndi tating'ono tozungulira ngati ta wotchi, tambiri ndi CR1632, mumasintha nokha. Imaonetsa nambala ya tayala lililonse ndi kutentha komwe, ndipo pa mtengo ndi yotsika kuposa zonse. Koma dziwani kuti kachisoti kameneka kamakanikiza pini ya valuvu nthawi zonse, ndiye chomwe chikugwira mphepo yanu ndi karabala kakang'ono ka mkati mwake, kakang'ambika sensa yomweyo ndiyo ikuphwetsa tayala. Kulemera kwake kumagwedeza valuvu yarabala yokalamba mpaka kung'aluka patsinde, makamaka amene muyenda misewu ya kumidzi cha ku Vubwi kapena ku Chama. M'matope a dzinja madzi amalowa. Ana amamasula, akuba nawonso, ndipo mukaika kanati kotsekera ndiye pa filingi paliponse muyambe mwafunafuna kasipanala kake pomwe anzanu akukuimbirani hutala kumbuyo. Ziliponso zogula padera zoika mkati mwa tayala, sizibedwa ndipo madzi saziopsa, koma mavuto onse ndanena pa yoyamba aja mwawagula nawo.

Chinthu china chokhudza zonsezi ndi nyengo. Kukazizira ndi madigiri 10 mphepo ya m'tayala imatsika pafupifupi 0.1 bar (bar ndi muyezo wa mphepo), n'chifukwa chake mu June ndi July laiti imayaka m'mamawa n'kuzima mukayendako. Si kuti yawonongeka, tayalalo lili m'malire, kapopeni. Mu October potsikira ku Mfuwe kapena ku Luangwa Bridge manambala amakwera, musachotse mphepo tayala lili lotentha, likazizira mupeza lachepa. Laiti ikamaphethira kwa mphindi imodzi kapena kupitirirako pang'ono poliza kenako n'kukhazikika, vuto ndi la sensa osati mphepo.

Ndiye pali geji wamba, ya m'manja ija. Lamulo la ku America limati laiti iyake mphepo ikatsika ndi 25 peresenti, kutanthauza kuti tayala la 2.4 bar litha kufika pafupi ndi 1.8 dashibodi ili zii, mafuta akungopita, tayala likudyeka. Geji imakuuzani zoona lero lomwe, ilibe cholembetsa, ndipo mageji a m'mafilingi ambiri samagwirizana ndiye kukhala ndi yanu n'kwabwino. Nambala yoyenera ili pa sitika ya pa chitseko cha dalaivala, osati yolembedwa pa tayala, imeneyo ndi malire a mphepo yomwe tayala lisapitirire. Chomwe geji singachite ndi kukuchenjezani muli pa 100 pakati pa Nyimba ndi Kacholola.

Amene mumazungulira m'tauni muno ndi ka Vitz, pa Mwami kapena pa Msekera n'kubwerera, geji yakukwanirani, ndalamayo gulani pampu ya pa batire. Amene muyenda ya Lusaka pafupipafupi kapena mumanyamula banja usiku pa Great East Road, gulani za tizisoti koma musinthe ndi mavaluvu omwe akhale atsopano, ndipo geji ikhalebe m'galimoto chifukwa sipeya ilibe sensa pa seti ya tinayi.