Fani ya pa siling'i, ndaigwiritsa ntchito chilimwe chonse

Nyumba yathu ili ku Area 25 ku Lilongwe, ya malata, ndipo October akafika kuchipinda kumakhala ngati uvuni wa njerwa mpaka 10 koloko usiku chonsecho panja kukuwomba kamphepo kabwinobwino. Fani yoimika ija imangotakasa mpweya wotentha womwewo basi.

Fani ya pa siling'iyi anandibweretsera alamu anga kuchokera ku Joni. Mmisiri anaboola siling'i ya mu kolido nkuiika moyang'ana kudenga, ndiye ukaiyatsa imakoka mpweya wa m'nyumba nkuukankhira mmwamba m'malatamo kuti utulukire kunja, wozizira wa panja nkumalowera pa mawindo. Mawindo mutsegule kaye, mukaiwala zitseko zimangomenyeka zokha, tsiku loyamba mwana anathawa ati kwabwera mizukwa kkkk.

Tsono pano ndi pamene tinalakwitsa. Mmisiri uja sanasiye potulukira mpweya pokwanira, ndiye fumbi la m'dengamo ndi zitosi za mileme zinayamba kutsika pa mabowo a mababu, mayi akunyumba anapeza bedi yonse ili tidontho takuda, sanandiyankhule mpaka mmawa. Tinachita kumuitananso kudzaboola ma venti awiri ku zipupa za m'mbali nkuikamo sefa. Chichitireni zimenezo zili bho.

Koma ndinene zoona, iyi si AC, makina oziziritsa mpweya aja. Masana dzuwa lili paliwombo musayerekeze, mukhala mukuitana moto wa panja kulowa m'nyumba. Ine ndimaiyatsa cha m'ma 7 madzulo kunja kukazizirako, pakatha mphindi ngati 20 makatani ali pepelepepele ndipo chakum'bandakucha umafuna kansalu kofunda. Mayunitsi sikudya kwambiri, sindinaone kusintha kodandaulitsa. Anzanga a ku Nsanje ndi Chikwawa kumene usiku nakonso kumawotcha, ndikukayika ngati ingakuthandizeni chimodzimodzi.

Mawindo akhale a gozi apo ayi udzudzu mwauitana nokha, neti ife sitinasiye. Aneba akayamba kuwotcha zinyalala utsi wonse umathera kwanu, umachita kudzuka kukaithimitsa. Phokoso lilipo pa sipidi yayikulu, pa yaying'ono umagona osaimva. Magetsi akathima ndiye kaya, mwabwerera ku mkeka pakhonde.

Ndaipatsa nyenyezi 4 pa 5. Ikafika June ndidzatseka bowo la faniyo ndi kabodi, kuzizira kwa Lilongwe sindikufuna kudzalowere pamenepo.