Peroxide, Jik kapena sipiliti: ndalama ikhale ya chimodzi, mugule chiti?

Azimayi a ku banki mkhonde yathu ku Matawale andifunsa funsoli mpaka ndatopa, ndiye ndiyankhe pano onse amve.

Sipiliti sitichedwa naye. Ngwopukutira lumo, sizasi ndi makina ometera, ndipo amayaka msanga, asayandikire mbaula.

Jik ndi wa ku bafa ndi kuchimbudzi. Mvula ikakhazikika pa Zomba pano makoma n'kuyamba kuchita chuku, palibe chimuposa, ndipo chlorine wake ndi yemwe tinkadalira popukuta pansi nthawi ya kolera ija ya 2022 mpaka 2023. Koma kadontho kamodzi pachitenje cha ku ukwati, chasuluka basi.

Peroxide (hydrogen peroxide, mankhwala ooneka ngati madzi amene amachita thovu pa magazi) ndiye ndili naye mawu. Wogwiritsa ntchito m'nyumba ndi wa 3 peresenti, wa ku famase. Magazi akadontha pa yunifolomu yoyera, tsukani ndi madzi ozizira, thirani peroxide, thovu likaphwa muchape. Shati siichita chikasu monga imachitira ndi Jik wochuluka. Peroxide amayeretsanso thabwa lodulirapo nyama osasiya fungo.

Chimene ogulitsa sanena n'chakuti peroxide amafa. Kuwala ndi kutentha zimatulutsa mpweya wa oxygen umene uli m'kati mwake, n'kutsala madzi enieni, opanda fungo kapena mtundu wokuchenjezani. N'chifukwa chake amabwera m'botolo lakuda. Shopu ina m'tauni muno inandigulitsa wotsanulira m'kabotolo koonekera, kokhala pashelefu ya pawindo, mtengo wake wa peroxide wamoyo. Nditabwerera nako anandiyankha kuti katundu wotsegula sabwezedwa. Mpaka lero sindipondamo. Kuyesa kwake n'kosavuta: dulani kachewere wamuwisi, donthezani peroxide pang'ono pamene mwadulapo. Wamoyo amachita tithovu toyera pompo. Akangonyowetsa, mwagula madzi.

Thovu lomwelo ndi limene limanamiza anthu pabala. Limabwera chifukwa m'magazi muli mankhwala achilengedwe (enzyme) otchedwa catalase amene amaphwanya peroxide, osati kuti majeremusi akuthawa. Peroxide amapsereza ndi mnofu wabwino womwe, bala n'kuchedwa kupola. Mwana akadzisupula bondo, madzi oyera ndi sopo n'zokwanira. Bala lakuya kapena lolumidwa ndi galu, thamangirani kuchipatala.

Peroxide wa ku saluni, wa 6, 9 kapena 12 peresenti wosinthira mtundu wa tsitsi, musamuyese m'kamwa kapena pakhungu, amaotcha, ndipo akalowa m'maso tsukani ndi madzi ambiri nthawi yomweyo. Palibenso zosakaniza: Jik ndi viniga zimatulutsa mpweya wa chlorine wobanika nawo, Jik ndi peroxide zimafufuma mwamphamvu n'kuphana zokha.

Ndalama ikakhala ya botolo limodzi, ine ndimagula Jik, ngakhale fungo lake limandipweteka mutu. Peroxide ndimagula kabotolo kakang'ono kakuda, komata bwino, n'kukaika m'kabati motsekedwa momwe ana safikamo.