Matchizulo Anayi Kapena Bokosi Lonse?

Kwa munthu amene akuyamba kumene ukalipentala, matchizulo anayi a m'mbali mosongoka ndi okwanira: a mamilimita 6, 12, 19 ndi 25. La 6 limalowa m'timipata tothina, la 12 ndilo silichoka m'manja tsiku lonse, pomwe la 25 limasalaza malo okhazikapo mahinjesi a chitseko, n'kumatulutsa tizipalapasa topyapyala topindikapindika.

Bokosi la matchizulo 12 limakopa maso, koma ambiri mwa iwo amangochita dzimbiri. Tchizulo lalitali lopyapyala, lija lokankha ndi dzanja lokha osalimenya, n'labwino posalaza pomaliza, koma lingadikire. Okhota ngati ngalande ndi a anthu osema ziboliboli.

Limodzi lokha ndimalikonda ngakhale lili kunja kwa anayi aja: lochindikala lobowolera mphako zolumikizira miyendo ya tebulo. Limapirira hamala yamtengo ndiponso kutukula zinyenyeswa pansi pa bowo lakuya, ntchito yomwe ingapinde tchizulo wamba. Ngati mumakhoma mipando, ligulenitu la mamilimita 8.

Ndalama zotsalazo zipite ku mwala wonolera. Nolani pa madigiri 25 mpaka 30, kumsana kwa tchizulolo kukhale kosalala.